Mafuta Akwera Mtengo: Malangizo 12 kwa Akabaza, Alimi ndi Eni Zigayo

Pasiteji ya kabaza pa Nsaru, pachigayo kwa Kabudula, ngakhale m'minibasi yochokera ku Namitete, nkhani ndi imodzi: mafuta. Wina akuti boma likutibera. Wina akuti ndi nkhondo za kunja. Wina akuti eni mapampu akubisa dala podikira mtengo watsopano. Kutsutsana koteroko n'kwabwino, koma kukangothera pakamwa sikuwonjezera ngakhale dontho m'thanki. Malangizowa tawagawa patatu: kudziwa chimene mukulipira, kuchepetsa mafuta amene mukuwononga, ndi kufunsa akuluakulu mafunso ovuta kuwazemba.

GAWO LOYAMBA: DZIWANI CHIMENE MUKULIPIRA

1. Dziwani kumene ndalama ya lita imodzi imapita.

Dziko lathu silikumba mafuta ndipo siliyenga. Petulo ndi dizilo zimabwera zoyengeratu kudzera kumadoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Dar es Salaam ku Tanzania. Oitanitsa akuluakulu ndi kampani ya boma ya NOCMA ndi Petroleum Importers Limited, ndipo mtengo wapapampu umalengezedwa ndi bungwe la MERA. Ndalama imene mumapereka imagawika panayi: yogulira mafutawo kunja, yomwe imalipiridwa m'madola, yowanyamulira kuchokera kudoko, misonkho ndi ndalama zina zodulidwa, monga yokonzera misewu, yofikitsira magetsi kumidzi ndi ya thumba lokhazikitsira mtengo, kenako phindu la oitanitsa ndi eni mapampu. Munthu akanena kuti mafuta akwera, mufunseni kuti chakwera ndi chiti mwa zinayizi.

2. Yang'anani mphamvu ya kwacha, osati mtengo wa kunja wokha.

Ambiri amadabwa kuti wailesi yanena kuti mafuta atsika pamsika wa dziko lonse koma kuno sakutsika. Chifukwa chachikulu n'chakuti timagula ndi dola. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo patangopita masiku ochepa petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530, dizilo pa K1,920 kufika pa K2,734. Madolawo amachokera kwa ife tomwe: fodya wopita ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza. Mbewu zikatuluka m'dziko mozemba kudzera m'tinjira ta kumalire, madola ake safika kubanki, ndipo mzere wapapampu umatalika.

3. Kukayika kwanu kuli ndi pogwira, koma kukhale ndi umboni.

Amene amakayikira boma salota. Mu 2016 ndalama zokwana K2.9 biliyoni zinachotsedwa m'thumba lokhazikitsira mtengo wa mafuta n'kukagulira chimanga cha ADMARC, ndipo nkhaniyo inafika kukhoti. Chinanso, kuyambira 2012 pali ndondomeko yoti mtengo uzisintha wokha ngati ndalama zofikitsira mafuta m'dziko muno zasintha kupitirira 5 peresenti. Komabe mtengo unangokhala pamodzimodzi kuyambira Novembala 2023 mpaka chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chitadutsa, ndipo pa 1 Okutobala petulo anafika pa K3,499, dizilo pa K3,500.

Koma onaninso mbali inayo. Nthawi imene mtengo unagwiridwa ija ndi yomwe anthu ankagona pamizere, n'kumakagula kwa mavenda pamtengo wowirikiza. Choncho mtsogoleri wokana kukweza mtengo sikuti nthawi zonse akukuchitirani chifundo, ndipo wokweza sikuti nthawi zonse akukuberani. Chofunika n'chakuti aonetse masamu ake poyera.

GAWO LACHIWIRI: CHEPETSANI MAFUTA AMENE MUKUWONONGA

4. Yezani makilomita amene mumayenda pa lita imodzi.

Ili ndiye langizo lalikulu, ndipo limangofuna kope ndi cholembera. Dzazani thanki n'kulemba nambala imene ili pa mita ya makilomita. Gwirani ntchito monga mwa masiku onse. Podzazanso, lembani malita amene alowa ndi nambala yatsopano ya pamita. Gawani makilomita mwayendawo ndi malitawo. Ngati mita inafa, kaikonzetseni. Ndalama yake ibwerera msanga.

Tiyerekeze njinga zamoto ziwiri, iliyonse yoyenda makilomita 120 patsiku. Yoyamba imayenda makilomita 40 pa lita, choncho imamwa malita 3. Yachiwiri imayenda 32 pa lita, choncho imamwa malita 3.75. Titatenga mtengo wa K3,500, kusiyana kwake ndi K2,625 patsiku, kapena K68,250 pa masiku 26 ogwira ntchito. Ndalama imeneyi sanadye ndi a ku Capital Hill. Yatuluka ndi utsi. Manambalawa ndi ongoyerekezera, inu pezani anu.

5. Samalani zinthu zisanu zimene zimaba mafuta mwakachetechete.

Matayala: opanda mpweya wokwanira amalemetsa injini. Ayezeni ndi geji m'mawa asanatenthe, kamodzi pa sabata, osati pongowatsina ndi chala.

Fyuluta ya mpweya: m'chilimwe, misewu yafumbi ya ku Nambuma ndi kwa Kabudula imaitseka msanga. Ikatsekeka, kabureta imakoka petulo wambiri. Ya siponji itsukeni, ya pepala isintheni.

Pulagi: imasuleni muione. Ikakhala yofiirira pang'ono, zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, njinga ikumwa mafuta mopitirira. Pitani nayo kwa makaniko.

Tcheni: chitsukeni, chipakeni oilo, ndipo chisakhale chothina kwambiri kapena cholendewera.

Mabuleki: imikani njinga pa sitandi n'kuzunguza tayala ndi dzanja. Likaima msanga kapena likamakhula, mabuleki akugwira pamene inu mukulipira mafuta.

6. Sinthani kayendetsedwe kanu.

Pamsewu wa tala wa Lilongwe–Mchinji, kuchokera pa Mpingu kudutsa pa Msundwe mpaka ku Namitete, dzanja limayabwa kuti mukoke moto. Dziwani kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphepo yokukankhirani kumbuyo imakula kanayi, ndipo injini imalimbana nayo ndi petulo wanu. Nyamukani pang'onopang'ono, lowetsani giya yapamwamba msanga injini isanayambe kulira mokuwa, ndipo mukaona hampu kapena msika patsogolo, siyani moto patali m'malo mothamanga n'kudzaponda buleki mwadzidzidzi. Podikira kasitomala zimitsani injini. Kuliza njinga pasiteji pofuna kukopa okwera n'kuwotcha ndalama, ndipo a minibasi oima ola lathunthu injini ikulira akuchita chimodzimodzi.

7. Sankhani chonyamulira molingana ndi katundu ndi mtunda.

Funso loyenera si lakuti galimoto iyi imamwa malita angati, koma thumba limodzi ladya mafuta ochuluka bwanji kuti lifike kumsika. Tiyerekezenso ulendo wa makilomita 50 kupita, 50 kubwerera. Njinga yamoto itanyamula matumba awiri a makilogalamu 50 n'kumwa malita 3, thumba lililonse ladya lita imodzi ndi theka. Lole ya matani atatu itanyamula matumba 60 n'kumwa malita 15, thumba lililonse ladya kota ya lita. Wooneka wakumwa kwambiri uja ndiye wotchipa.

Choncho gawani ntchito motere. Kuchokera kumunda kufika kunyumba kapena pamsewu, ngolo ya ng'ombe kapena abulu ndi njinga yakapalasa sizifuna pampu. Kuchokera pamsewu kupita kutauni, lole yodzaza bwino. Njinga yamoto isiyireni zinthu zachangu ndi zopepuka, monga wodwala wothamangira ku St Gabriel's kapena kuchipatala cha Kabudula, mkaka ndi ndiwo zamasamba.

8. Phatikizani maulendo, ndipo galimoto isabwerere chabe.

Mutu umodzi susenza denga. A kalabu kapena kopaletivi gwirizanani tsiku limodzi lotumiza soya kapena mtedza, mubweretse matumba pamalo amodzi apafupi ndi msewu, muwayezeretu ndi kuwalemba mayina lole isanafike. Musanagwirizane mtengo ndi mwini lole, pezani katundu wobwerera naye: feteleza, simenti, malata kapena katundu wa eni magolosale. Dalaivala wodziwa kuti sabwerera chabe amatsitsa mtengo. Pakhomo panunso lembani zofunika kutauni kuti ulendo umodzi uthetse zambiri. Ndalama tumizani pafoni, ndipo mtengo wa mbewu funsiranitu pafoni musanakweze katundu.

9. Eni zigayo ndi mapampu othirira, werengani dizilo ndi petulo wanu.

Lembani ndowa zimene mwagaya pa malita 5 alionse. Chiwerengero chikayamba kutsika, onani nyundo ngati zatha, sefa ngati yatsekeka, ndi lamba ngati akuterereka. Utsi wakuda ndi dizilo wosapsa bwino. Onetsani fyuluta ndi manozo. Musalize injini chifukwa cha ndowa imodzi. Ikani nthawi yogaya, m'mawa ndi madzulo, kuti anthu azisonkhana. Chimanga chosauma bwino chimalemetsa chigayo. A kudimba, thirirani m'mawa kapena madzulo, matani mapaipi odontha, ndipo phimbirani mabedi ndi udzu kuti chinyezi chikhalitse. Gulu likaganiza zogula pampu ya sola, liyambe lawerenga ndalama za petulo za nyengo yonse yothirira, kenako liyerekeze ndi mtengo wa pampuyo.

10. Chenjerani ndi mafuta a m'zigubu ndi m'mabotolo.

Kumidzi yotalikira pampu, ambiri amadalira mavenda. Dziwani kuopsa kwake. Botolo lotchedwa lita silikhala lita nthawi zonse. Dizilo wosakaniza ndi palafini amapha pampu ya injini, ndipo kukonza kwake kumaposa ndalama imene munapulumutsa. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amalowa madzi. Musasunge petulo m'nyumba yogona, pafupi ndi mbaula kapena chigafa cha fodya, ndipo musamuike m'botolo la zakumwa pamene ana angafikire. Kugulitsa mafuta popanda chiphaso cha MERA ndi mlandu.

GAWO LACHITATU: FUNSANI, NDIPO INUNSO MUYANKHE

11. Sandutsani madandaulo kukhala mafunso olembedwa.

Mawu oti “akutibera” akuluakulu amawapirira mosavuta. Chimene chimawavuta ndi kalata yokhala ndi deti, siginecha ndi funso limodzi lomveka. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera kumaofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Ligwiritseni ntchito kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera, kwa khansala ndi kwa phungu wanu. Mafunso ake ndi monga awa. Pa lita imodzi, ndi ndalama zingati zimene zikupita ku misewu, ndipo zafikadi ku Roads Fund Administration? Msewu wathu uli pa ndondomeko ya chaka chiti? Popeza timalipira ya magetsi akumidzi pa lita iliyonse, pulogalamu yake ya MAREP ifika liti pamsika wathu? M'nkhokwe za NOCMA za ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, zomwe zimatha kusunga malita 60 miliyoni, muli mafuta a masiku angati?

Msewu si nkhani yapambali. Wokumbikakumbika umakuyendetsani pa giya yotsika, ndiye kuti mumalipira kawiri: papampu ndi kwa makaniko. Mukakayikira kuti pampu ikuba, tengani lisiti, lembani tsiku ndi nthawi, n'kukadandaula ku Malawi Bureau of Standards, omwe amayeza mapampu. Za kubisa mafuta kapena kugulitsa pamtengo woposa wolengezedwa, kauzeni a MERA kapena a Competition and Fair Trading Commission. Uthenga wa pa WhatsApp woti mafuta akwera mawa musaufalitse musanamve chilengezo cha MERA, chifukwa mphekesera zokha zimatha kuumitsa pampu.

12. Pokweza mtengo wa ulendo, onetsani masamu anu.

Chimene tikufuna kwa boma, okwera akuchifunanso kwa ife. Mafuta ndi gawo limodzi chabe la ndalama zoyendetsera njinga kapena minibasi. Ulendo wa makilomita 10 kupita, 10 kubwerera, pa njinga yoyenda 40 pa lita umadya theka la lita. Petulo atachoka pa K2,530 kufika pa K3,499, theka limenelo linakwera ndi ndalama zosakwana K500. Wowonjezera K1,500 pa ulendo wotero n'kumaloza boma akunamiza mayi wopita kusikelo. A komiti ya pasiteji khalani pansi, werengani mafuta, zipangizo ndi ndalama ya bwana, lembani mitengo pa bolodi, ndipo mafuta akadzatsika mudzatsitsenso.

ZOCHITA SABATA INO

Gulani kope n'kuyamba kulemba malita ndi makilomita. Yezani matayala, tsukani fyuluta, onani pulagi. Pamsonkhano wotsatira wa kalabu, sankhani anthu awiri: wina woyang'anira maulendo ophatikiza, wina wolemba kalata ya mafunso yopita kwa khansala. Pakatha mwezi, bweretsani makope anu mufananize manambala, ndipo amene njinga yake ikuyenda mtunda wautali pa lita afotokozere anzake zimene akuchita.