Musadule matailosi a porcelain ouma

Ku Australia kudali ntchito yomwe anyamata ankailimbirana: kudula ndi kusalaza miyala yopangidwa m'fakitale, yoyala pamwamba pa makabati a m'khitchini. Malipiro adali abwino. Ambiri ankadula miyalayo youma, ndi grinder, m'mashedi momwe fumbi linkangoti kobo tsiku lonse. Mu 2018 boma la Queensland lidachenjeza kuti amisiri ambiri apezeka ndi matenda a m'mapapo otchedwa silicosis, ena asanakwanitse n'komwe zaka 40. Ena a iwo adamwalira. Pa 1 July 2024 dziko lonse la Australia lidaletsa kupanga, kugulitsa ndi kuika miyala imeneyi.

Mwina mukuti izi n'zakutali, inu mukungofuna kuika matailosi a porcelain m'bafa mwanu. Koma kodi mukudziwa chomwe chili m'tailosi mwagulayo? Muli silika, mchere wa m'miyala ndi mumchenga, yemweyo amene adawononga mapapo a anyamata aja. Miyala yawo idali ndi silika wochuluka kuposa porcelain, ina yopitirira magawo 90 pa 100 alionse, koma fumbi lake ndi la mtundu umodzi. Ndipo ife sitili alendo ku matendawa. Azigogo athu amene adapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, ena adabwerako akutsokomola mpaka kumanda. Mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa adavomera kupereka marandi 5 biliyoni ngati chipukutamisozi kwa anthu odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu.

Ku Australia kuja, cholakwika chidachitika pati? Palibe amene adagwa pamakwerero, palibe magazi amene adatuluka. Amisiriwo ankangofuna ntchito iyende msanga. Kudula ndi madzi kumabweretsa matope, kumafuna makina ena, kumachedwetsa. Kudula kouma n'kwachangu, ndipo madzulo munthu ukasamba umaoneka bwinobwino. Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Fumbi lomwe mumaliona likukhala pansidze ndi m'tsitsi ndi lokulirapo. Loopsa kwambiri ndi losaoneka ndi maso, lomwe limayandama m'chipinda nthawi yaitali grinder itazima kale. Limeneli limalowa mpaka pansi pa mapapo, n'kusiya zipsera, ndipo mapapo amauma pang'onopang'ono. Mankhwala ochiza kulibe.

Ndinene mosabisa: kudula matailosi a bafa limodzi sikufanana ndi kugwira ntchitoyi zaka zambiri. Nanga mnyamata amene mwamulemba ganyu uja, yemwe lero ali kwanu, mawa kwa aneba, chaka chonse akudula atadziphimba ndi kansalu kumphuno? Nanga ana anu amene akusewera pakhomo pomwepo?

Chondiwawa n'chakuti kudula kouma sikupereka n'komwe ntchito yooneka bwino. Porcelain amaotchedwa pamoto wa madigiri pafupifupi 1,200, motero ndi wolimba komanso wosachedwa kubenthuka. Mukamudula ndi disiki ya mipata, yodulira konkire ija, m'mphepete mumatuluka ngati modya makoswe. Pamzere woongoka sipafunika magetsi konse: makina a pamanja okanda ndi kuthyola amadula bwino popanda fumbi lodetsa nkhawa. Kandani kamodzi kokha, mwamphamvu yofanana kuchokera uku mpaka uko, kenako thyolani. Mukabwereza kukanda, tailosi imasweka mokhota. Pamakona ndi tizidutswa topyapyala, bwerekani kapena chitani hayala makina odula ndi madzi, okhala ndi disiki ya dayamondi yopanda mipata. Madzi amaziziritsa disiki, amagwira fumbi, ndipo mzere umatuluka wosalala. Musakankhe tailosi mwankhanza, makamaka pothera, chifukwa m'pamene kona imabenthuka.

Koma chonde musatengere pamenepa kuti muzithira madzi a m'botolo pa grinder wamba. Makina amenewo sadapangidwire madzi, ndipo magetsi angakugwireni. Ngati palibiretu njira ina koma grinder, dulirani panja, mphepo ikuchoka kwa inu ndi kwa anthu, chotchingira disiki chili pamalo pake, magalasi ali m'maso, kumphuno kuli masiki ya N95 kapena FFP3 yogwira bwino nkhope. Kansalu ndi masiki za kuchipatala zija sizitchinga fumbi ili. Mukamaliza, wazani madzi musanasese, ndipo zovala zantchito musakakung'unthire m'nyumba.

Zizindikiro zimabwera, ndife amene timazinyalanyaza. Kodi chipinda chikuoneka cha nkhungu? Kodi mukamina mukutuluka zoyera? Kodi disiki ikuthetheka moto, ikufuna kuikankha kuti idye? Imeneyo yatha kapena si yoyenera, imani. Ndipo ngati mwakhala mukudula matailosi, miyala kapena konkire kwa zaka, dzifunseni: kamtunda komwe kale munkakwera mukucheza, bwanji lero mukuchita phuma? Chifuwa chouma chija chatha miyezi ingati? Bwanji thalauza likukhwepa? Silicosis imayamba mwakachetechete, ndipo imatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Ambiri amangoti ndi chimfine cha fumbi, n'kugula mankhwala pagolosale.

Ngati zimenezi zikukuchitikirani, pitani kuchipatala sabata ino, ndipo mukawauze adokotala ntchito imene mumagwira ndi zaka zomwe mwaigwira, kuti akujambuleni pachifuwa. Inu eni nyumba, mmisiri akafika ndi grinder yokha m'chikwama, musamulole ayambe. Mufunseni kuti adula bwanji, ndipo ndalama ya masiki ndi hayala ya makina a madzi muiwerengere pamodzi ndi ya matailosi ndi simenti.