VPN Yalumikiza Koma Mafailo a ku Ofesi Sakuoneka: Mafunso ndi Mayankho

Kodi VPN ikavuta, ndiyambire pati?

Yambirani pafupi, mukathere kutali. VPN ndi njira yobisika imene imadutsa mkati mwa intaneti, choncho intanetiyo ikapanda kuyenda, njirayonso palibe. Zimitsani kaye VPN mutsegule webusaiti iliyonse. Ikatseguka, onani wotchi ya pa kompyuta ndi ya pa foni. Manambala achinsinsi amene mapulogalamu ngati Google Authenticator amapereka amasintha pa masekondi 30 aliwonse, ndiye foni imene wotchi yake yatsalira ndi mphindi zingapo imapereka nambala imene seva ikana. Ambiri amathamangira kufufuta pulogalamu ya VPN n'kuiikanso, koma kutero n'kufafaniza mapazi amene akanatilondolera pamene pagona vuto.

N'chifukwa chiyani ikukana pa Wi-Fi ya kuhotela, koma pa data ya foni ikutheka?

Mtundu uliwonse wa VPN uli ndi khomo lake lotulukira, limene akatswiri amati port. IPsec imadutsira pa UDP 500 ndi 4500, pamene OpenVPN nthawi zambiri imadutsira pa 1194. Malo ena ofikira alendo amatseka makomo amenewa n'kungosiya 80 ndi 443, a mawebusaiti. Yesani kulumikiza kudzera pa hotspot ya foni yanu. Zikatheka, kompyuta yanu ilibe mlandu. Pemphani a IT akonze kuti VPN izithanso kudutsira pa TCP 443.

Yalemba kuti yalumikiza, nanga bwanji seva sikuyankha?

Apa ndi pamene ambiri amasokera, poti amayesa kulumikiza ndiye kufika. Chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinapatula maadiresi oyamba ndi 10, ndi 192.168, komanso a pakati pa 172.16 ndi 172.31, kuti aliyense aziwagwiritsa ntchito mkati mwa netiweki yake. Ma router ambiri amachoka m'sitolo ali pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo eni ake sawasintha. Tsono ngati seva ya kuofesi ili pa 192.168.1.10, kunyumba kwanunso maadiresi akuyamba ndi 192.168.1, kompyuta imafunafuna sevayo m'nyumba mwanu momwemo, osalowa m'njira ya VPN. Pa Windows lembani ipconfig muone adiresi yanu, muiyerekeze ndi ya seva. Zikafanana poyambira, sinthani router yakunyumba ikhale, mwachitsanzo, pa 192.168.77.1. Komabe mankhwala enieni ali kuofesi: a IT asankhe maadiresi osazolowereka, kusiyana n'kuti wantchito aliyense azisintha router yake. Ngati ping, lamulo loyesera kufika pa seva, ikuyankha mukalemba manambala a seva koma ikukana mukalemba dzina lake, njira ili bwino. Chavuta ndi DNS, imene imasandutsa dzina kukhala adiresi, ndipo VPN iyenera kulozera kompyuta yanu ku DNS ya kuofesi.

Zonsezi n'zotaya nthawi. Bwanji osangotsegula Remote Desktop kuti ntchito iyende?

Dandaulo limeneli n'lomveka, makamaka lipoti likamadikiridwa tsiku lomwelo. Koma kutsegulira intaneti yonse port 3389, khomo la Remote Desktop, kuli ngati kugumula mpanda chifukwa loko wa pageti walimba. Akuba a pa intaneti amasakasaka khomo limeneli usana ndi usiku, akuyesa mapasiwedi. Mu 2019 munapezeka chibowo chotchedwa BlueKeep, chimene chinkalola munthu kulowa m'makompyuta a Windows yakale kudzera pa Remote Desktop popanda pasiwedi, mpaka Microsoft inatulutsa chigamba ngakhale cha Windows XP, imene inali itasiya kuisamalira. Kufufuza mwadongosolo kumadya mphindi zochepa, pamene kubweza mafailo amene akuba awatseka kungadye masabata.

Nanga ndikalephera ndekha, a IT ndiwauze chiyani?

Musangoti “VPN yafa.” Auzeni ngati mawebusaiti akutseguka, ngati mwayesa hotspot, adiresi imene ipconfig yaonetsa, mawu enieni amene alembedwa pa sikirini, ndiponso ngati ping ikuyankha pa manambala kapena pa dzina. Yankho lililonse limachotsa malo amodzi okayikitsa, ndipo wokuthandizaniyo amayambira pamene inu mwalekezera.