Mwendo umodzi ukatupa

Munthu akatupa miyendo yonse iwiri, timaganizira mtima kapena impso. Koma ukatupa umodzi wokha, katumba n'kumapweteka ndi kutentha, tiyenera kuganizira magazi oundana mu mtsempha wamkati wobweza magazi kumtima. Achipatala amati DVT. Choopsa chake n'chakuti chibuluma cha magazicho chikhoza kuthothoka n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu n'kuyamba kubanika, mwinanso kufa mwadzidzidzi.

Zoyambitsa zake zimaikidwa m'magulu atatu amene amatchedwa ndi dzina la dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, wobadwa mu 1821: magazi kuyenda pang'onopang'ono, mtsempha kuvulala, ndi magazi kukhala osachedwa kuundana. Kuno ku Mulanje zonsezi tili nazo. Alipo ogona nthawi yaitali atathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza, amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene, makamaka m'masabata 6 oyamba, ndi abale athu okhala pa basi usiku ndi usana pochokera ku Johannesburg. Khansa, opaleshoni, kunenepa kwambiri ndi mapiritsi olera okhala ndi estrogen zimaonjezeranso chiopsezo. Chimene ambiri timaiwala n'chakuti HIV ndi TB nazonso zimachititsa magazi kuundana msanga.

Nanga kuyeza magazi kumatiuza chiyani? Thupi likamasungunula magazi oundana limasiya tizidutswa totchedwa D-dimer. Malire amene ma labu ambiri amatsata ndi 500 ng/mL, ndipo kwa opitirira zaka 50 ena amachulukitsa zaka zawo ndi 10. Apa m'pamene ophunzira ambiri timasokonezeka. D-dimer ikakhala yotsika mwa munthu amene chiopsezo chake n'chochepa, tinganene kuti DVT palibe. Ikakwera, sizitanthauza kuti DVT ilipo, chifukwa imakweranso ndi pakati, malungo aakulu, TB, bala la opaleshoni ngakhale ukalamba. M'wodi ya kwathu kuno, ndi odwala angati amene alibe chimodzi mwa zimenezi?

N'chifukwa chake mafunso ndi tepi yoyezera zimayamba, labu pambuyo. Ndondomeko ya Wells imapereka mfundo imodzi ngati katumba wotupayo waposa mnzake ndi masentimita opitirira 3, ndi ina ngati munthu wakhala chigonere masiku 3 kapena kuposa. Chiopsezo chikakhala chachikulu, wodwala apite kukaunikidwa mwendo ndi ultrasound, osatayanso nthawi ndi D-dimer.

Kumudzi mwendo wotere amauthowa ndi kuusisita. Tisatero ayi; tithamangire naye kuchipatala. Akapatsidwa warfarin, aziyezetsa INR, imene iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Auze adokotala ngati akumwa mankhwala a TB, poti rifampicin amafooketsa warfarin. Mpiru, nkhwani ndi bonongwe asasiye, koma azidya mlingo wofanana tsiku ndi tsiku chifukwa vitamini K wa m'masambamo amasintha mphamvu ya mankhwalawa.