KAMWAZI: PHUNZIRO LA NYENGO YA DZINJA

M'Macitidwe a Atumwi, mutu 28, tiwerenga kuti Paulo anapeza atate wa Popliyo ali gone ndi kamwazi pa cisumbu ca Melita. Nthenda yomweyo ikali pakati pathu, ndipo tiyenera kudziwa mayendedwe ace.

Kamwazi ndiko kutsegula m'mimba kwa mwazi ndi cinanda, pamodzi ndi kupotokola ndi kutentha thupi. Acokera ku tizirombo tosaoneka ndi maso tochedwa Shigella, timene sing'anga wa ku Japan, Kiyoshi Shiga, anatipeza m'caka ca 1897. Tizirombo 10 kapena 100 tokha tikwanira kugwetsa munthu wamphamvu. Tituruka m'cimbudzi ca wodwala, ndipo tilowa m'kamwa mwa mnzace podzera m'manja osasamba, m'madzi, m'cakudya ndi pa miyendo ya nchenche.

Mliri waukuru unabuka pakati pa Africa m'caka ca 1979, ndipo unasautsa Zambia m'zaka za 1990 ndi 1991. Mankhwala akale, monga ampicillin, analephera kuugonjetsa. Ofufuza anaona kuti ndiwo zogula zophikaphika, ndi kubviika cikho ndi dzanja mumtsuko wa madzi akumwa, zinathandiza kuufalitsa.

Ambiri a inu muli ndi ana ku Lusaka. Mzindawo unamangidwa pa mwala wa laimu wa ming'alu yambiri. Tsono mvula ikagwa, kuyambira November kufikira April, zonyansa za m'zimbudzi zokumba zitsikira m'zitsime zosazama za ku Kanyama ndi Chawama. Koma wa ku Kabulonga, Woodlands, Chelstone kapena Kabwata asadzitame ndi mpopi wace, pakuti onse akomana pa msika ndi m'basi, ndipo nthenda siiopa linga.

Cifukwa cace citani izi. Sambani m'manja ndi sopo pocokera kucimbudzi ndi musanagwire cakudya, pothira madzi, osati m'mbale imodzi. Wiritsani madzi akumwa ndi kuwabvundikira. Cimbudzi ca khanda citayidwe m'dzenje. Mukaona mwazi, pitani naye wodwala kucipatala tsiku lomwelo. Panjira mummwetse madzi a mcere ndi shuga, ndipo mwana asaleke kuyamwa, pakuti ana ang'ono ndiwo afa msanga.

Mose analamulira Aisrayeli kufotsera zonyansa kunja kwa misasa (Deuteronomo 23). Mkristu wosunga pakhomo pace paukhondo atchinjiriza mnansi wace, ndipo m'menemo akwaniritsa lamulo la cikondi.