Kutsimikizira mbiri ya msilikali wopuma ku America

Ku United States, umboni waukulu wakuti munthu anagwirapo ntchito ya usilikali ndi chikalata chotchedwa DD Form 214. Chinayamba kuperekedwa mu 1950 kwa asilikali pochoka ntchito, ndipo chimasonyeza nthambi imene munthuyo anatumikira, tsiku lolowa ndi lotuluka, udindo wake, mendulo zake ndiponso mmene anachokera.

Choyamba, wofuna kutsimikizira amapempha mwiniwake kuti aonetse chikalatachi. Kope loyenera ndi lolembedwa Member-4, chifukwa kope lalifupi la Member-1 silisonyeza chifukwa chochokera ngakhale khalidwe la msilikaliyo pa ntchito.

Chachiwiri, amawerenga bokosi 24, pamene palembedwa mtundu wa kachokedwe. Mawu akuti Honorable amatanthauza kuti munthuyo anachoka mwaulemu. General amasonyeza kuti anatumikira bwino koma panali zolakwika zina. Other Than Honorable amaperekedwa pa zolakwa zikuluzikulu, pamene Bad Conduct ndi Dishonorable amachokera ku chigamulo cha khothi la asilikali. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa thandizo la maphunziro la GI Bill limafuna kachokedwe kaulemu, ndipo wochotsedwa ndi Dishonorable salandira thandizo la ofesi yoona za asilikali opuma.

Chachitatu, ngati chikalata chasowa kapena chikukayikitsa, pempho limapita ku National Personnel Records Center mumzinda wa St. Louis, m'chigawo cha Missouri. Wopempha amalemba fomu ya Standard Form 180 kapena kutumiza pempho pa intaneti. Amafunika kulemba dzina lonse limene munthuyo ankagwiritsa ntchito ali msilikali, nambala yake ya usilikali, nthambi, zaka zimene anatumikira, tsiku ndi malo obadwira, kenako n'kusainira.

Si aliyense amapatsidwa mbiri yonse. Mwiniwake ali ndi ufulu wonse. Akamwalira, ufuluwo umapita kwa mkazi kapena mwamuna wake amene sanakwatirenso kapena kukwatiwanso, makolo, ana, abale ndi alongo ake, bola aonetse umboni wa imfa. Munthu wina, monga wolemba ntchito, amauzidwa zochepa zokha monga udindo, zaka za utumiki ndi mendulo, pokhapokha mwiniwake atalemba chilolezo. Pakatha zaka 62 munthu atachoka usilikali, mbiri yake imakhala yotseguka kwa aliyense wolipira.

Chachinayi, kusapezeka kwa fayilo sikutanthauza kuti munthuyo akunama. Pa 12 July 1973 moto unawononga mafayilo oposa 16 miliyoni ku St. Louis, makamaka a asilikali apamtunda amene anachoka pakati pa 1912 ndi 1960. Zikatero, ogwira ntchito kumeneko amafufuza m'mabuku a malipiro ndi zolemba zina, ndipo amapereka chikalata cholowa m'malo chotchedwa NA Form 13038.

Amene anatumikira mu National Guard ankapatsidwa NGB Form 22, yomwe imasungidwa ndi chigawo chimene anatumikiramo. Komanso kachokedwe kamatha kusinthidwa pambuyo pake: msilikali wopuma ali ndi zaka 15 zodandaulira ku bungwe lounikanso kachokedwe pogwiritsa ntchito DD Form 293. Nchifukwa chake wotsimikizira amafunsanso ngati pali DD Form 215, chikalata chokonza kapena kuwonjezera zimene zinalembedwa poyamba.