Phunziro la Kalabu: Benchi ya Agogo ku Harare

Cholinga: Kumvetsa kuti matenda a maganizo amayenderana ndi mmene anthu akukhalira, choncho kuwathetsa si ntchito ya chipatala chokha.

Achinyamata anzanga, m'chaka cha 2005 boma la Zimbabwe lidagwetsa nyumba ndi timisika m'makomboni a m'mizinda. Bungwe la United Nations lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena popezera chakudya. Ambiri adagwidwa ndi vuto limene Ashona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri: kusowa tulo, kusafuna kudya ndi kutaya mtima.

Chaka chomwecho, mtsikana wina amene ankathandizidwa ndi Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ku Harare, adadzipha. Banja lake lidasowa ndalama ya basi yomubweretsera kuchipatala. Dokotalayu adaona kuti thandizo liyenera kupita kumene kuli anthu.

M'chaka cha 2006 adaphunzitsa agogo aakazi 14 a ku Mbare luso la uphungu. Agogowa ankakhala pa benchi panja pa kiliniki, ndipo ntchitoyi idatchedwa Friendship Bench. Munthu amakumana ndi agogo kasanu ndi kamodzi. Agogo saweruza. Amamvetsera, munthuyo n'kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi loyamba nalo, n'kupeza yekha chochita. Kenako amalowa m'gulu la anzake, ena n'kumaluka zikwama zogulitsa, pakuti umphawi ndi kusungulumwa zimakulitsa nkhawa.

Kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2016 adatsata anthu 573, ndipo 4 mwa 10 alionse anali ndi kachilombo ka HIV. Patatha miyezi 6, mwa amene adakhala pa benchi, 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi matenda okhumudwa. Mwa amene adalandira chithandizo cha nthawi zonse, anali 50 pa 100.

Izi zikutikhudza. Mnzathu wotaya mtima amatha kusiya kumwa ma ARV, makamaka akamasalidwa.

Kambiranani m'magulu:
1. Kodi ndi mavuto ati m'dera lathu amene amachititsa achinyamata kuganiza kwambiri?
2. Kodi mawu akuti "wamisala" amamutani munthu wofuna thandizo?
3. Ndani m'mudzi muno amene tingamukhulupirire ngati agogo a pa benchi?

Kumbukirani: Mnzanu akanena zodzipha, musamuseke ndipo musamusiye yekha. Uzani wamkulu wodalirika ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.