Dzino Likabooka, Musathamangire Kuzula

Ambiri timapita kwa dokotala wa mano dzino litatiletsa tulo, tsaya litatupa, mawu athu ali amodzi: lizuleni. Komatu dzino lomwelo, mukanabwera nalo chibowo chikadali chaching'ono, likanamatidwa n'kukutumikirani zaka zina zambiri. M'dzino mulibe nyongolotsi. Chimene chimalibowola ndi asidi amene tizilombo ta m'kamwa timapanga tikadya shuga wotsalira pamano.

Kumata koyera

Kale chomatira chofala chinali amalgam, chija chooneka ngati siliva, chimene pafupifupi theka lake ndi mercury. Potsatira pangano la Minamata la 2013, mayiko akuchisiya pang'onopang'ono pofuna kuteteza chilengedwe. Masiku ano pali zomatira ziwiri zofanana ndi mtundu wa dzino.

Choyamba ndi composite. Dokotala amachotsa pamene paola, amapaka mankhwala okhakhalitsa pang'ono pamwamba pa dzino kuti chomatiracho chigwire, amachiika pang'onopang'ono, kenaka amachiumitsa ndi kuwala kwa buluu. Chimauma pomwepo. Njira yomweyi imakonza dzino lakutsogolo lobenthuka, la mwana amene wagwa panjinga mwachitsanzo. Ntchitoyi nthawi zambiri siposa ola limodzi pa dzino, ndipo ngati dzinolo langobenthuka m'mphepete jakisoni sangafunike n'komwe. Vuto lake n'lakuti composite sichigwirizana ndi malovu: dzino likapanda kuuma bwino pomata, chimamatuka msanga.

Chachiwiri ndi glass ionomer, chimene chimatulutsa fluoride wolimbitsa dzino. Pa mano otafunira sichilimba ngati composite, koma n'chothandiza kwa ana, ndipo chingaikidwe ndi zida zamanja popanda magetsi, njira imene inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980. Bungwe la WHO linachiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021.

Ngati muli ndi amalgam wakale amene sakukuvutani, musiyeni. Kumuchotsa chifukwa cha maonekedwe okha kumadya mbali ya dzino yabwinobwino.

Mukamatitsa

Dzino likhoza kunyerenyetsa masiku angapo mukamwa zozizira, zimenezo zimatha. Koma likamapweteka usiku, kapena mukamva ngati latalika kuposa anzake mukaluma, bwererani kuchipatala.

Chomatira si dzino lobadwa nalo. Musatsegulire botolo ndi mano, ndipo nzimbe muzisenda ndi mpeni. Chimanga chokazinga ndi mafupa muzitafunire kwina. Tiyi, khofi ndi fodya zimadetsa composite, ndipo mankhwala oyeretsa mano sasintha mtundu wake. Pakapita zaka chimafunika kuchikonzanso, ndiye funsani mtengo musanavomere, makamaka kuzipatala zolipira.

Tsukani mano kawiri patsiku, makamaka pokagona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Mukatsuka lavulani, osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pamano. Dzino lomatidwa likhoza kuolanso m'mphepete mwa chomatira ngati maswiti ndi zakumwa zashuga sizikuchepa.

Kuola kukafika pamtsempha wa dzino, kumata kokha sikuthandizanso. Choncho mukaona kadontho kakuda, kapena chakudya chikamatsalira malo amodzi tsiku ndi tsiku, pitani kuchipatala cha boma chimene chili pafupi mukafunse gawo la mano, ngakhale dzinolo lisakupweteka. Wokumatani akhale wovomerezeka ndi bungwe la Medical Council of Malawi.